Mfundo ya pa Mpango Wofiira

Sindinauzepo munthu kuti ndili ndi kachida kodzisangalatsira. Ndinakagula amuna anga atapita kukagwira ntchito kutali, ndipo ndimakakulunga mumpango wofiira pansi m'sutikesi.

Ine ndimamanga mfundo kawiri. Lero ndapeza yomangidwa kamodzi, mpango ukununkhira mafuta odzola a mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, amene akukhala nafe chithereni ukwati wawo.

Dzulo anesi anandipeza ndi matenda opatsirana pogonana. Ndinalumbira kuti sindinayendepo ndi mwamuna wina.

"Si mwamuna yekha amapatsira, mayi," anatero. "Ngakhale tizida tija, mukabwerekana osatsuka ndi sopo, osaveka kondomu."

Amuna anga akubwera Loweruka. Adzandikhulupirira ndani?

Ndawapeza alamu akusita, akuimba.

"Mukundiyang'ana ngati ndakudyerani ndiwo bwanji?"

"Munatsegula sutikesi yanga?"

Simbi yaima pamalaya. "Ndimafuna sizasi."

"Sizasi imakhala mumpango?"

Malaya ayamba kununkha kupserera.

"Alamu, kachida kaja ndi kanga, ndipo ndadwala. Valani tipite kuchipatala. Loweruka, pouza achimwene anu, mukhalepo."