Malaya Ofewa M'dera la Madzi Amchere

Sopo anali atatha theka, koma m'beseni thovu munalibe. Madzi a pampopi wa kuseri kwa nyumbayo ndi amchere. Amangodya sopo, zovala n'kutuluka zotuwa, zouma gwaa ngati chikopa. Mayi a mapasa anayesa zonse: kuwiritsa madzi, kuthiramo soda, kutsukuluza ndi viniga. Zonsezo kunali kungodzitopetsa.

Ndiye tangoganizani mmene mtima unawapwetekera atatulutsa malaya a amuna awo m'dengu la zochapa. Ngakhale anali ovalidwa, anali oyera mbee, ofewa, kolala yopanda chikasu ngakhale pang'ono. Malaya otere sachapidwa pampopi umenewu. Ndipo aka sikanali koyamba.

Mkazi sachita kuuzidwa. Bambowo, kalaliki wa muofesi, masiku amenewo ankafika mochedwa, akununkhira sopo wodula. Akakhala, manja m'thumba. Akagona, nkhope kukhoma. Zowakhudza akazi awo anasiya kalekale.

Mayi woyandikana nawo nyumba anasuzumira pampanda, naona malaya aja.

"Anzanga, musandide," anatero monong'ona, "koma kwinaku kuli mnzanu wa madzi abwino."

Mayi a mapasa anakhala pachidebe, misozi ili chuchuchu. Banja lawo linali kutha akuona, ndipo cholipulumutsira analibe. Ukalimbana bwanji ndi mkazi amene ngakhale mpopi wake ukukuposa?

Bambowo atatulukira pakona ya nyumba, mayiwo anawaponyera malayawo kumapazi.

"Bambo a mapasa, akukuchapirani ndani? Ngati ndakukwanani nenani, nditenge ana ndizipita kwathu. Madziwa sindinawalenge ine!"

Bambowo anangoti zyoli. Kenako anawerama kuti atole malayawo, ndipo mayiwo anaona manja aja koyamba patapita miyezi: zala zosupuka, zikhadabo zodyeka.

"Kuofesi anandichotsa chaka chatha," anatero bambowo, maso ali pansi. "Ndimachapa nsalu za pabedi kuhotela, malaya angawa ndimangoponya momwemo. Ndinkachita manyazi kukuuzani."

Anapinda malayawo, napitiriza.

"Koma malaya ofewa simudzawaonanso, mayi. Lero abweretsa makina ochapira, ndipo tonse atiuza kuti mawa tisapitenso."