Zala za malemu pandodo

"Mundidulireko ndodoyi," anatero mayi wina wamasiye, akuyika pathebulo langa lokonzerapo ndodo, ndodo ya gofu ya malemu amuna awo, ija yokankhira mpira m'dzenje.

Malemuwo anali chimtengo cha munthu, pomwe mayiwa ankandilekeza m'khwapa. Ndinawauza kuti awerame ngati akusewera, maso pamwamba pa mpira, manja alendewere. Ndinayeza.

"Pachoke zala zinayi, mayi. Kupanda kutero muzioneka ngati mukukolopa bwalo."

Sanaseke.

Ndinatenga mpeni kuti nding'ambe labala wa chogwirira, poti ndodo timaidula kumwamba ndipo labala wakale timataya. Apo mpamene tonse tinaona kuti zala zazikulu za malemu zinasiya timaenje tiwiri palabalapo, tosalala ngati sopo wotha.

"Dulani kumunsi," anatero.

"Kumunsi kuli mutu, mayi."

Anayika zala zawo m'timaenjemo.

"Bambo," anandifunsa motsitsa mawu, "mwagwirapo pamenepa? Pakutentha."

Ine ndinali nditagwira kumutu kokha. Mpeni ndinaubweza m'dirowa.