Mashoko Akale

"Mwaononga mabuleki yanga, ba Ngosa," anakalipa Whyson, woyendetsa takisi ku Kanyama. Dzulo lake makanikayo anamuikira mashoko atsopano, zitsulo zochepetsa kudumpha kwa galimoto m'maenje, n'kuwongola mawilo, koma lero galimoto inakana kuima mpaka inakagwetsa thebulo la tomato.

Ngosa anamasula wilo, nasuzumira, n'kuyamba kuseka.

"Mabuleki yanafa kudala, ba Whyson. Na mashoko yakutha yaja munali kuyenda monga fulu, vimaenje va mumsewu ndiye vinali kukuimikani. Manje motoka ithamanga."

Whyson anafunsa mtengo wa mabuleki atsopano. Ataumva, poti kwacha inali itagwanso sabata imeneyo, anapukuta thukuta n'kuyang'ana pamulu wa zitsulo zotayidwa.

"Mashoko yanga yakale yaja," anatero motsitsa mawu, "yakaliko?"