Bambo a Kumsonkhano

"Khomo lake ndi lino?" anafunsa achimwene, akukoka mwendo wakumanja. Kunali kutada. Aka kanali koyamba kufika kunyumba yatsopano ya mlongo wawo.

"Mpira womwewo?" anafunsa mlongoyo.

"Mnofu wa kuseri kwa ntchafu. Ndangomva ngati wina wandigenda. Koma alamu ako asamve. Ndinawalumbirira kuti mpira ndinasiya. Akudziwa kuti ndili kumsonkhano wa kuntchito."

Mlongoyo anakulunga ayezi m'thawulo. "Mwagoletsa zingati?"

"Sindinalowe n'komwe. Ndimangodziwongola kunja kwa bwalo."

Mlongoyo anaseka mpaka ayezi anagwa pansi.

M'mamawa achimwene anayeserera kuyenda m'khonde, akukukuta mano. Kupita, kubwerera.

"Ndikutsimphina?"

"Ngati bakha, koma pang'ono."

Atatsegula geti, achimwene anapeza akazi awo ataimika galimoto. Mpando wakutsogolo anali ataukankhira kale kumbuyo, pilo ali pompo.

"Kwerani bwino, bambo a kumsonkhano," anatero akaziwo. "Anzanu omwe anakutulani pano abweretsa nsapato zanu za mpira. Ndaziyang'ana. Sizifunika n'kuchapa komwe."