Nsapato za Yariela

"Muuzeni mwana wanu avule nsapato," anatero mayi wina wovala zakuda, titaima pakhomo la chipinda choyeseramo oimba.

Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Gulu lalikulu la zoimba limafuna woimba ng'oma mmodzi yekha, ndipo amene amapikisana ndi Yariela wanga anaphunzitsidwa ndi mayi yemweyu.

"Avule chifukwa chiyani?" ndinafunsa. "Mukufuna amuseke kuti ife a ku tauni ya Colón tilibe nsapato?"

"Oweruza ali kuseri kwa nsalu, mayi, saona munthu. Koma makutu ali nawo. Mwanayu akamaimba, mapazi ake amaguba. Akangomva chidendene adziwa kuti ndi wa bandi ya mumsewu, basi zathera pomwepo."

Ati bandi ya mumsewu. Malemu mwamuna wanga Eustacio anaguba ndi ng'oma zaka makumi awiri pa perete wa Novembala, dzuwa likuswa mtengo, osaphonya ngakhale kamodzi. Ndiye anaphunzitsa mwanayu. Awa oimbira mumthunzi angamuuze chiyani?

"Usavule iwe," ndinatero. "Akukutchera msampha."

Yariela anawerama, navula, nandipatsa nsapatozo. "Gwirani, amayi." Analowa ndi masokosi.

Ndinatsala ndi mayi uja, ndikumulondera ngati wakuba pamsika. Ng'oma inayamba mkatimo, pansipansi, moti Eustacio akanafunsa ngati mwana wadwala. Mayiyo anatsinzina, manja atapinda.

Kenako ndinayang'ana pansi, kumapazi kwa mayiyo. Chidendene chake chakumanzere chimanyamuka, chakumanja n'kutsatira, kumanzere, kumanja, ndendende mmene ankagubira Eustacio.