Senya ya Che Abdala

Panali munthu wina ku Metangula, Che Abdala, mwini mabwato awiri a usodzi. Amene anandiuza nkhaniyi ndi mnansi wawo, ndipo akulumbira kuti ndi yoona.

Che Abdala atakokera intaneti kunyumba kwawo, wayifayi inkathera pakhonde, osafika kunyumba yakuseri kumene ankagona mwana wawo Zuleika. Anagula rauta yachiwiri n'kuitana Ilídio, katswiri wa zimenezi.

Ilídio atamaliza kukoka waya anati, "Marauta onsewa tiwapatse dzina limodzi ndi senya imodzi, mawu achinsinsi olowera aja. Mukatero foni izisamuka yokha munthu akamayenda."

"Dzina limodzi?" anatero Che Abdala. "Bwato lililonse lili ndi dzina lake. Ikafa imodzi ndidziwa bwanji kuti yafa iti?"

"Awa si mabwato, Che Abdala."

"Iwe, wabwera kudzalumikiza kapena kudzandiphunzitsa?"

Ilídio anangoti chabwino. Yapabalaza inatchedwa Abdala Um, yakuseri Abdala Dois. Senya ya yakuseriyo Che Abdala anailemba okha pakapepala, ati anansi angamabe intaneti. Zuleika akapempha kuti amuikire m'foni, yankho linali lakuti mawa. Mawa, mawa, mpaka milungu itatu!

Zuleikayo anali atapempha malo kusukulu ya unamwino, ndipo mafunso ake anali a pavidiyo. Tsikulo anakhala pabalaza, n'kuyankha zonse bwinobwino. Kenako mayi wofunsayo anati, "Tionetse satifiketi yako msanga, anzako akudikira."

Satifiketi inali m'chipinda chake. Anathamanga foni ili m'manja. Foni inakakamira rauta yapabalaza mpaka nkhope ya mayi uja inauma, kenako zii. M'fonimo munalibe mamega a intaneti.

"Ababa! Senya!"

"Dikira, mwanawe, ndinailemba."

"Munalemba pati?"

"Pakapepala. Kali m'jekete."

"Jeketeyo ili kuti?"

Che Abdala anagwira pakamwa. Jekete anaiiwala m'bwato, ndipo bwatolo linali pakati pa nyanja.

Zuleika anabwerera pabalaza akuthamanga, satifiketi ili m'manja. Pamene foni inkagwiranso n'kuti mayi aja akufunsa wina. Masana kunabwera uthenga: ayesenso chaka chamawa.

Che Abdala anamuimbira Ilídio mawu ali pansipansi. Ilídio anakonza zonse m'mphindi zisanu zokha. Lero wayifayi ikugwira bwino kwambiri m'chipinda cha Zuleika, mmene wadzitsekera, osalankhula ndi bambo ake.

Phunziro: Ukaitana wodziwa ntchito, mumvere. Marauta a nyumba imodzi akhale ndi dzina limodzi ndi senya imodzi, ndipo muyese kuyenda ndi foni nyumba yonse tsiku lofunika lisanafike. Azibambo anzanga, makani ndi athu koma amene amalira ndi ana. Wanga akukwawa kumene, sindikufuna kuti adzalire chifukwa cha ine. Tumizani nkhaniyi kumagulu anu onse, makamaka kwa uja amati amadziwa zonse.