Zala Zitatu za Bizwick

Panali munthu wina wochokera ku Malawi, dzina lake Bizwick, amene ankakhala ku South Bend, ku America, ndi mkazi wake Magdalene, namwino. Akuti zinachitika mu Januwale 2014.

M'mawa wina chipale chofewa, chija amati sinowo, chinatseka pakhomo pawo. Bizwick ndi mnzake Sosten anatulutsa makina ochotsera chipale, koma makinawo anatsamwa. Bizwick anazimitsa injini n'kupisamo dzanja lamanzere kuti afukule. Chipale chitangochoka, zitsulo zinazungulira zokha n'kungoti khwaa! Zala zitatu zinagwa pansi.

Sosten anamumanga dzanjalo ndi tawulo n'kuimbira Magdalene kuntchito.

"Alamu, imbani 911 pompano ambulansi ibwere," anatero Magdalene. "Zalazo muzikulunge m'kansalu konyowa, muziike m'pulasitiki, pulasitikiyo muiike m'madzi a ayisi. Zisakhudzane ndi ayisi, chonde!"

Sosten anadula foni. "Amwene, madokotala olumikiza zala ali ku Indianapolis. Kuno angotichedwetsa. Ndidraiva ndekha."

"Nanga zimene anena amayiwa?" anafunsa Bizwick.

"Chipale chili mbwee chonsechi, tivutikirenji ndi tinsalu? Kuzizira n'kumodzimodzi."

Ululu unali utamusokoneza Bizwick, ndipo anangovomera. Sosten anatapa chipale cha pamsewu, chosakanikirana ndi mchere umene amathira kuti chisungunuke, n'kukwirira zala zija m'chidebe.

Msewu unali woterera. Ulendo wa maola atatu unatenga asanu ndi limodzi. Magdalene ankaimba foni, Sosten osayankha.

Atafika, dokotala anatsegula chidebe n'kupukusa mutu. Zala zinali zitauma gwaa, zili mbuu. Komabe madokotala anayesetsa kwa maola asanu ndi anayi, kusoka timitsempha tochepa ngati tsitsi. Chala chimodzi chinagwira. Ziwiri zinada bii tsiku lachitatu, ndipo anazichotsa.

Tsiku limenelo namwino wa m'wodimo anapatsa Magdalene kaenvelopu. Munali mphete yaukwati ya mwamuna wake.

"Ndikanakumverani, amayi," anatero Bizwick akuyang'ana kukhoma.

Magdalene anagwira dzanja lamanja la Bizwick n'kuyesa kumuveka mpheteyo. Inakana pamfundo. Anayesanso, osatheka. Pamenepo ndi pamene onse awiri anayamba kulira.

Phunziro: Musapise dzanja m'makina ngakhale mwawazimitsa. Ngozi ikachitika, mverani amene anaiphunzira ntchitoyo, osati mnzanu wolankhula molimba mtima. Chiwalo chodukacho chisakhudzane ndi ayisi, ndipo imbani ambulansi. Abale, tumizani nkhaniyi m'magulu anu onse chipale chisanagwenso.